A Mwakipesile ndi Kalasi ya Mizukwa

A Angolwisye Mwakipesile ankadziwa ophunzira awo ndi makutu. Nkhope ankaziiwala, makamaka chiyambire kuvala magalasi, koma mawu a munthu akawamva kawiri ankakhala nawo. M'mawa uliwonse, nthawi ikamayandikira hafu seveni, ankaima pakhomo la holo ya koleji atanyamula kaundula wakuda, maso ali pa mayina. Ophunzira ankadutsa mmodzimmodzi. Aliyense ankapereka moni wa Chiswahili wa wamng'ono kwa wamkulu, wakuti, "Shikamoo, Baba," iwo n'kuyankha kuti, "Marahaba," cholembera n'kuchonga, osadzutsa mutu. Wina akayesa kuperekera moni mnzake amene akadali m'bulangete, n'kusintha mawu ngati wachimfine, iwo ankangoti, "Iwe wadutsa kale. Kamuuze mnzakoyo kuti ndikumudikira."

Anachita zimenezi zaka pafupifupi makumi awiri pa koleji ya aphunzitsi ya mpingo imene ili kuseri kwa minda ya tiyi, kumtunda kwa Tukuyu. Anali wachiwiri kwa mkulu wa koleji, woyang'anira maphunziro. Ophunzira atsopano ankawauza lamulo limodzi tsiku loyamba: amene sanawapatse moni pofika hafu seveni, tsiku limenelo kulibe. Pamwamba pa lamulo lawolo panali la koleji, lakuti wojomba masiku opitirira makumi awiri pa teremu salemba mayeso omaliza. M'kaundula wawo munali zizindikiro ziwiri zokha, kuchonga ndi kaziro, ndipo sanafufutepo chimene alemba.

Sanali munthu wankhanza, ngakhale ophunzira ena ankatero akakhala paokha. Sanalinso wanzeru zodabwitsa. Anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ya tiyi, amayi awo ali wothyola masamba. Ali wamng'ono ankawaperekera nthochi zophika kumunda, m'kambale kovindikira ndi tsamba, ndipo panjira ankakumana ndi kapitawo wina wa njinga. Tsiku lililonse ankapatuka n'kunena shikamoo, kapitawoyo n'kudutsa ngati wamva mbuzi ikutsokomola. Atadandaula kunyumba, amayi awo anati, "Iwe pitiriza. Manyazi ndi a amene wasiya moni pansi, si a wopereka." Anaphunzira ku mishoni, anaphunzitsa ana m'midzi ya kumapiri zaka khumi, anakwera pang'onopang'ono mpaka kufika pa kolejiyo, ndipo m'zaka zonsezo sanasiyepo moni wa mwana pansi. Ankayankha ali pakati pa kukalipa. Ankayankha ali pampando wa wometa, lumo lili pakhosi.

Zinatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito. Kumudzi kwawo ku Masoko kunali munda wa nthochi ndi ng'ombe imodzi ya mkaka, ndipo maganizo awo anali akuti akafike kumeneko zinthu zonse zili mmene anazipezera. Ophunzira awo akale akawachezera n'kuyamba kuwatamanda, iwo ankadula nkhaniyo pofunsa kuti, "Nanga kaundula wako ukumusunga bwino?"

Kalasi ya pa intaneti inafika pa kolejipo ndi alendo a bungwe lina amene anabwera pa galimoto yoyera. Mkulu wa koleji, a Mwakatobe, anaimirira m'holo n'kulankhula bwino kwambiri za nthawi zatsopano. Alendo atachoka, nkhaniyo anaitumiza ku komiti, komiti inaibweza kwa iwo, ndipo inakhala ikuyenda choncho zaka ziwiri. Si kuti ankaikana. A Mwakatobe sankakana chinthu. Ankangofunsa kuti oyendera makoleji akadzabwera adzati chiyani.

Amene anakana poyera anali a Mwakipesile. Iwo ankati ndi kalasi ya mizukwa. "Mphunzitsi sakuona ophunzira, ophunzira sakuona mphunzitsi, koma akuti maphunziro ali mkati," ankatero m'chipinda cha aphunzitsi. "Misonkhano yotere imachitikira kumanda." Analinso ndi chifukwa china chimene sankachinena mokweza. Manotsi awo a phunziro la khalidwe la mphunzitsi anali m'makope anayi olemba pamanja, ndipo ankaopa kuti akangolowa m'mafoni, palibe adzavutikenso kubwera kudzamva mwini wake.

Ntchito yoyang'anira kalasiyo inagwera Madamu Sekela Kibona, mphunzitsi wa masamu, mayi wosapsatira mawu. Phunziro lililonse analikonzera chipinda chake choikamo manotsi, ofesi iliyonse chipinda chake cholandiriramo mauthenga, ndipo akuluakulu onse anawapatsa envelopu ya mawu achinsinsi olowera. A Mwakipesile yawo anailandira ndi manja awiri, anaidinda tsiku limene yafika, n'kuiika m'fayilo osaitsegula.

Chaka chimene tikunenachi, m'gulu la chaka chachiwiri munali Tupokigwe Mwambungu. Anali mayi wa ana awiri, amene anabwerera ku sukulu atagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu zaka khumi. Mawu ake anali aakulu, okoka pang'ono, a munthu wozolowera kuitana mabasi. Mu Febuluwale anapita kumudzi kukaona ana Loweruka, ndipo pobwerera njinga yamoto imene anakwera inaterera m'matope. Anathyoka ntchafu. Kalata ya kuchipatala inafika, a Mwakipesile anaidinda, anatuma mnzake wa Tupokigwe kuti akamupepesere, kenako anayamba kulemba maziro. Sankakondwera nazo. M'mawa uliwonse cholembera chikafika pa dzinalo chinkaima pang'ono, koma mawu aja sanamveke pakhomo, ndiye chinkalemba kaziro.

Pofika pakati pa Epulo maziro anakwana makumi anayi. Komiti inali yoti ikhale Lachisanu kuti itsimikize mayina a olemba mayeso a mu Meyi. Wodwala anali ndi ufulu wobwereza chaka, koma ufulu wolemba mayeso analibe.

Lachiwiri m'mawa Madamu Sekela anagogoda pa ofesi yawo, n'kulowa asanauzidwe.

"Shikamoo, Mzee."

"Marahaba. Ngati ndi za mizukwa yanu, Madamu, ndili ndi ntchito."

"Ndi za mzukwa umodzi wokha. Uli ndi chikhakha kumwendo."

A Mwakipesile anatseka fayilo imene ankawerenga.

"Tupokigwe masamu anga akulemba," anapitiriza Sekela. "Sanaphonye ntchito ngakhale imodzi. Akuwaposa madoda aja amene amandigonera pabenchi la kumbuyo, amene inu mumawachonga tsiku lililonse."

"N'zabwino. Zidzamuthandiza chaka chamawa."

"Chaka chamawa sabwera, Mzee, inunso mukudziwa. Apongozi ake anavomera kusunga ana zaka ziwiri. Za zitatu sanamvane."

Ankadziwadi. Amayi a mtundu umenewo anawaona ambiri. Akatuluka pa geti akuti adzabweranso, umadzakumana nawo pa msika wa Kiwira atasenza dengu, akukupatsa moni akuyang'ana kumbali.

"Ndikachonga munthu amene sindinamuone," anatero, "mawa theka la holo lidwala."

"Simuona aliyense inu, Mzee. Mumangomva."

"Chabwino. Sindinamumve."

Sekela anaima kanthawi akuseweretsa makiyi. "Envelopu ija ikadalipo?"

"Zinthu sizitayika muofesi muno."

"Itseguleni. M'chipinda chanu muli katundu wanu. Ndinamuona dzulo pokonza zina."

"Sindikizani pa pepala mundibweretsere."

"Izi zokha ayi."

"Ndiye yankhani inuyo. Si ndinu mwini wa makinawo?"

"Ine ndi Tupo tasiyana zaka ziwiri zokha. Ndingamuyankhe ngati ndani?" Anatero Sekela, n'kutuluka, n'kutseka chitseko mwaulemu kuposa masiku onse.

Masana a Mwakipesile anapita kunyumba kukadya. Akazi awo, Mama Gwakisa, anali ataphika nthochi ndi nyemba, peyala lili pambali. Mayiwo foni ankaidziwa. Ankaonera adzukulu a ku Dar es Salaam pa foni, nyimbo za kwaya ankalandira pa foni, ndipo mtengo wa mkaka ankaudziwa ogula asanafike. Anamvetsera nkhaniyo akusenda peyala.

"Baba Gwakisa, njoka mumapha ndi ndodo ya mkono umodzi. Envelopu ndiyo ikuopseni?"

"Si mantha. Ndi mfundo."

"Mfundo zanu zili ngati nsapato zanu za ukwati. Zimakuthinani, koma kutaya ayi."

"Nsapato zimenezo n'zachikopa chenicheni."

"Eya, ndi matuza enieninso. Idyani."

Anadya. Chimene chinkawavuta sichinali chipongwe cha akazi awo, chimene anachizolowera zaka makumi atatu. Anali mawu a Sekela aja akuti, ndingamuyankhe ngati ndani. Pali chinthu chimodzi chokha chimene munthu sangayankhe chifukwa cha msinkhu wake.

Nthawi ya fili koloko anatulutsa envelopu m'fayilo, anaicheka ndi mpeni wa makalata, n'kupita kuchipinda cha makompyuta. Aka kanali kachiwiri kulowamo chikhalire. Sekela anawakokera mpando. Anataipa mawu achinsinsi ndi chala chimodzi, kulakwitsa kawiri, kachitatu makina n'kuvomera. Pamwamba panatuluka dzina lawo ndi udindo wawo, zolembedwa molondola. Pansi pake panali mizere yotsetsereka ngati mayina a m'kaundula.

"Lolemba, 7:24. Shikamoo, Baba. Ndine Tupokigwe Mwambungu wa chaka chachiwiri. Ndatuluka m'chipatala. Ndilipo."

"Lachiwiri, 7:19. Shikamoo, Baba. Ndilipo."

"Lachitatu, 7:22. Shikamoo, Baba. Kunyumba netiweki sifika, ndimabwera pa shedi ya sikelo ya tiyi. Ndilipo."

Sekela anawaonetsa kagudumu kotsitsira tsamba. Anatsitsa.

"Lachinayi, 7:51. Shikamoo, Baba. Pepani ndachedwa, ndodo zimaterera m'matope. Ndilipo."

Mizere inapitirira, sabata ndi sabata, Loweruka ndi Lamlungu n'kudumpha monga kaundula adumphira. Chakumapeto kunali wina wakuti, "Shikamoo, Baba. Mwina muli otanganidwa. Ndilipo." Pansi pa mzere uliwonse panali kabokosi koyera, kopanda kanthu.

Anawerenga ndi chivindikiro cha cholembera, akugogoda pagalasi. Anapeza makumi atatu ndi asanu. Masiku asanu okha oyambirira, amene anali m'chipatala, ndi amene analibe moni. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi, nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Kapitawo uja akanatha kunena kuti njinga imathamanga. Iwo masiku onsewa anali chikhalire pampando, envelopu ili m'kabati kumbuyo kwawo.

"Amalemba pati?" anafunsa.

"M'kabokosiko. Mungolemba kamodzi pansi penipeni, Mzee, aona."

"Wapereka moni kangati?"

"Ndiye ndikuonetseni kokopera mawu, musavutike."

"Moni sakopera, Madamu."

Anayamba pamwamba. Chilembo chilichonse ankachisaka ngati nkhuku yosokera, ndipo chilembo cha h chinawazunza mpaka pa mzere wachikhumi. Pa masiku anayi amene Tupokigwe anafika hafu seveni itadutsa, analemba kuti, "Marahaba. Wachedwa." Magetsi anazima kamodzi, iwo n'kudikira. Anamaliza belu la chakudya chamadzulo likulira.

Asanadzuke anafunsa kuti, "Moni si maphunziro. Waphunzira chiyani masiku onsewa?"

Sekela anatsegula tsamba lina. Chipinda cha masamu chinali chodzaza, cha Chiswahili chimodzimodzi. Zipinda zisanu zotsalazo zinali zopanda kanthu, ndipo chimodzi mwa izo chinali cha khalidwe la mphunzitsi.

"M'chipinda chanumu analowamo kakhumi ndi kawiri," anatero Sekela. "Ankangopeza mipando."

"Makinawa amawerenganso zimenezo?"

"Amawerenga zonse. Ali ngati inu."

A Mwakipesile sanaseke. Anayang'ana chipinda chawo chopanda kanthucho, n'kudzuka, n'kubwezera mpando pamalo pake.

Lachitatu, atamaliza kuchonga pakhomo la holo, sanalowe muofesi. Anapita kuchipinda cha makompyuta, kaundula ali m'khwapa, makope anayi ali m'manja. Uthenga watsopano unali utafika.

"Lachitatu, 7:21. Shikamoo, Baba. Nditangofika pa shedi foni inayamba kulira osaleka, ndimayesa yafa. Azimayi a pa sikelo akundiseka kuti ndapeza chibwenzi. Ndawauza kuti ndi a Baba a ku koleji. Zikomo. Ndilipo."

"Marahaba," analemba. Anaganiza pang'ono n'kuwonjezera kuti, "Manotsi anga uwapeza lero. Uwerenge kope lachiwiri. Lachisanu m'mawa uyankhe funso ili ndi pakamwa, Madamu akuuza mmene amatumizira mawu: mwana akamachedwa tsiku lililonse, mphunzitsi achite chiyani asanamulange? Komiti ikamva."

Makopewo sanalole kuti wina awagwire. Ankatembenuza okha masamba, Sekela akujambula ndi foni. Panali masamba ena achikasu, ena okhala ndi bwalo la kapu ya tiyi.

"Apa musajambule, padetsedwa."

"Mzee, ophunzira akudziwa kuti mumamwa tiyi."

"Nanga akawerenga zonsezi, m'kalasi mwanga adzabwera kudzatani?"

"Kudzakupatsani moni," anatero Sekela. "Tembenuzani."

Lachisanu komiti inakhala muofesi ya a Mwakatobe, tiyi ndi mandasi zili patebulo, mvula ikuwaza pazenera. Analipo a Mwakatobe, a Mwakipesile, abusa a koleji, ndi mayi woyang'anira zogona za ophunzira. Sekela anaitanidwa kuti akhale pampando wa kukhoma. Mayina anayenda bwino mpaka pa Mwambungu. Pamenepo a Mwakipesile anapempha kuti dzinalo lilowe m'ndandanda wa olemba mayeso, n'kufotokoza zimene anapeza.

A Mwakatobe anawayang'ana pamwamba pa kapu. "Mzee, inuyo? Si ndinu amene munati mizukwa?"

"Ndinatero, Bwana Mkulu, ndipo sindinasinthe kwenikweni. Koma lamulo ndinapereka ndine, lakuti wondipatsa moni pofika hafu seveni alipo. Sindinatchule khomo. Mayiyu anapeza khomo lolembedwa dzina langa, n'kumagogoda masiku makumi atatu ndi asanu. Anayi anachedwa, amenewo ndi maziro. Asanu anali m'chipatala, amenewonso ndi maziro. Onse pamodzi asanu ndi anayi. Sakufika makumi awiri."

"Tikatsegula khomo limeneli," anatero abusa, "mawa onse azipereka moni ali m'bulangete."

"Zimenezo ndinanena kale ine, Abusa. Musandibere ulaliki."

A Mwakatobe anapukusa mutu. "Ine mtima ndili nawo, Mzee. Koma oyendera akadzabwera adzati chiyani? Tidziwa bwanji kuti amalemba ndi iyeyo? Mwina ndi mwamuna wake. Mwina ndi kalaliki wa pa sikelopo. Zala zilibe dzina."

"N'chifukwa chake ndinamutumizira funso kuti ayankhe ndi pakamwa. Yankho lafika m'mawa uno, inenso sindinalimve. Mawu ake ndimawadziwa. Akakhala a wina ndikuuzani pompano, dzinalo tilichotse."

Palibe anakayika kuti angatero. Sekela anabweretsa foni yake, anaiika pakati pa makapu, n'kudina.

Poyamba kunamveka mvula pamalata, ndi munthu wina chapatali akukuwa kulemera kwa dengu. Kenako mawu aakulu aja, okoka pang'ono, anadzaza chipinda.

"Shikamoo, akuluakulu anga."

"Marahaba," linayankha tebulo lonse.

Palibe anaganiza. Pakamwa panangotsogola, monga pachitira nthawi zonse. Abusa anayankha, mayi wa zogona anayankha, a Mwakatobe anayankha ndasi lili m'manja, chakufupi ndi mlomo. Sekela anayang'ana kudenga ngati waona podontha.

Tupokigwe analankhula mphindi ziwiri. Anati mphunzitsi ayambe wafunsa mwanayo ali payekha, osati pamaso pa anzake. Anati akaone kumene amachokera ndi mtunda umene amayenda. Kenako anakakamira pang'ono, n'kunena zake, zakuti ana ena amachedwa chifukwa amayamba aperekeza amayi awo ku sikelo, ndipo kuwakwapula n'kukwapula dengu. Anamaliza ndi mawu akuti, "Ndi zimenezo, Baba," foni n'kukhala chete.

A Mwakipesile anali atalemba kanthu pakapepala. "Ndi iyeyo," anatero. "Mfundo yachitatu waiphonya. Yake yomalizayo m'makope anga mulibe." Anapinda kapepalako n'kukaika m'thumba la malaya. "Bwana Mkulu, oyendera akadzafunsa, ndidzawauza kuti tonse tinamuyankha muofesi muno. Kwathu kuno munthu amene palibe sayankhidwa."

Anayamba kuseka ndi abusa, akupukuta milomo ndi mpango. A Mwakatobe anayang'ana ndasi lawo ngati ndilo lawapereka, n'kuseka nawo pang'ono.

Dzina la Tupokigwe linalowa m'ndandanda. Komiti inaika malire ake: njira imeneyi ikhale ya okhawo amene ali ndi kalata ya kuchipatala, ndipo Madamu Sekela azisindikiza masiku ndi nthawi za moni kuti zidindidwe n'kulowa m'fayilo. Nkhani yaikulu, yakuti koleji yonse iyambe kugwiritsa ntchito kalasiyo, anaitumiza ku komiti yotsatira monga mwa masiku onse. Koma akutseka msonkhano, a Mwakatobe anafunsa Sekela kuti zipinda zopanda kanthu zatsala zingati.

"Zinayi, Bwana Mkulu."

"Oyenderawo angathe kuzitsegula?"

"Atapempha mawu achinsinsi, inde."

"Ndiye akapeza muli mbee, adzati chiyani? Auzeni eni ake kuti teremu isanathe mukhale mutalowa kanthu."

Madzulo a tsikulo, ophunzira akusewera mpira pabwalo, a Mwakipesile anatsegula kaundula pa dzina la Mwambungu. Kufufuta sakanatha, chifukwa sanafufutepo. Anayang'ana maziro makumi anayi aja kanthawi. Kenako anatenga cholembera n'kuyamba kuchonga mkati mwa kaziro kalikonse, kachizindikiro kakang'ono kokwana bwino m'bwalomo. Asanu ndi anayi anawasiya mmene analili. Pansi pa tsamba analemba tanthauzo la chizindikiro chatsopanocho, n'kusaina.

Sitinganene kuti anasanduka munthu wina. Kalasiyo anapitiriza kuitchula ya mizukwa, ndipo netiweki ikasowa masiku awiri, monga imachitira nthawi ya mvula, ankauza Sekela kuti mizukwa yake yapita ku maliro. Aphunzitsi awiri anadandaula kuti awawonjezera ntchito, wina n'kungoika tsamba limodzi kuti chipinda chisaoneke chopanda kanthu. Mantha awo a manotsi aja anapherezeka pang'ono: anyamata atatu a pabenchi la kumbuyo anayamba kuzemba akangochongedwa pakhomo. Koma ena ankabwera atawerenga kale, ali ndi mafunso, ndipo mtsikana wina anawaonetsa kuti kope lachitatu likutsutsana ndi loyamba pa nkhani ya chilango. Anakwiya tsiku lonse. Mawa lake anabwera ndi tsamba latsopano kuti Sekela ajambule, ndipo pansi pake panali mfundo ya ana operekeza amayi awo ku sikelo.

Tsiku loyamba la mayeso kunacha ndi nkhungu. Mzere unayenda monga mwa nthawi zonse, shikamoo, marahaba, cholembera n'kuchonga. Chakumapeto kunamveka kugogoda kwa nsungwi pa simenti, pang'onopang'ono, ophunzira ena akupatuka.

"Shikamoo, Baba."

A Mwakipesile anadzutsa mutu. Amene anali pafupi amanena mpaka lero kuti sanawaonepo akutero pakhomo limenelo. Tupokigwe anali ataonda, chikhakha atachotsa, atatsamira ndodo imodzi yansungwi yokulunga nsanza kumutu kwake.

"Marahaba," anatero. "Mfundo yachitatu unaipeza?"

"Ndinaipeza, Baba. Kukambirana ndi makolo."

"Mochedwa. Lowa. Ukhale benchi la kutsogolo pafupi ndi khomo, mwendowo uwongole."

Anachonga dzinalo, kuchonga wamba kopanda bwalo, n'kuweramanso kuti amve wotsatira. Mzere utatha anayang'ana wotchi, anaika kaundula m'khwapa, n'kutsika masitepe kulowera kuchipinda cha makompyuta. Ku Ileje kunali mtsikana wa chaka choyamba amene anali atangobereka kumene, ndipo ameneyo moni wake unkafika seveni koloko isanakwane.